Nkhupakupa ikakulumaninso, magazi amatha kusocheretsa

Osamalira ng'ombe zamkaka ku Thyolo amalumidwa ndi nkhupakupa kawirikawiri, ndipo matenda a Rickettsia africae, bakiteriya wofalitsidwa ndi nkhupakupa, amatha kubweranso. Thupi limatentha, mwanabere amatupa, polumidwapo pamakhala kachilonda kakuda, koma poyeza malungo sapezeka.

Chosokoneza chili ku labotale. Asilikali a m'thupi a IgG amachedwa kuoneka, nthawi zambiri patatha pafupifupi masabata anayi chiyambireni kudwala, kenako amatsalira m'magazi miyezi yambiri. Kuyeza kamodzi sikusiyanitsa matenda atsopano ndi akale. Tengani magazi kawiri, motalikirana masabata 2 mpaka 4. IgG ikachuluka kuwirikiza kanayi pa kuyeza kwachiwiri, matendawo ndi atsopano.

Chachangu n'kupukuta kachilondako ndi kathonje n'kuyeza PCR, njira yofufuza DNA ya bakiteriyayo. Dokotala asadikire zotsatira: mankhwala a doxycycline, 100 mg kawiri patsiku kwa akuluakulu, ayambidwe msanga.