Mmene ndimachitira sewero la ulosi wa m'envelopu yomata

Sewero la ulosi wa m'envelopu ndi limodzi mwa masewero oyamba amene munthu wophunzira luso la mentalism (masewero ooneka ngati kuwerenga maganizo a anthu kapena kulosera za m'tsogolo) amayesa. Zimene anthu oonerera amaona n'zakuti wochita seweroyo amapereka envelopu yomata asanayambe chilichonse, kenako munthu wina amasankha chinthu mwakufuna kwake, ndipo envelopu ikatsegulidwa, chinthu chomwecho chimapezeka cholembedwa kale m'katimo. Ine ndikadali wophunzira pa luso limeneli, ndipo ndimachita seweroli kuno ku Ngabu pamisonkhano ya achinyamata komanso pamacheza a pabanja. Chinsinsi chake n'chakuti palibe amene amadziwa za m'tsogolo. Chimene chimachitika n'chakuti wosankhayo amatsogoleredwa mosazindikira kupita ku yankho limene ndinalemba kale, ndipo iye amatsala ndi chikhulupiriro chakuti anasankha yekha.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito yagona pa nambala ya 1089. Munthu amalemba nambala ya m'mahandiredi, yokhala ndi manambala atatu, koma nambala yoyamba ndi yomaliza ziyenera kusiyana ndi 2 kapena kuposa apo. Akatero amaitembenuza, n'kuchotsera yaing'ono pa yaikulu, kenako yankho limene wapeza amalitembenuzanso n'kuphatikiza ziwirizo. Tinene kuti walemba 732. Akaitembenuza imakhala 237, akachotsera amapeza 495, ndipo akaphatikiza 495 ndi 594 amapeza 1089. Ndinakhala pansi kufufuza chifukwa chake zimatuluka chonchi nthawi zonse, poti sindinafune kuimirira pamaso pa anthu ndi chinthu chimene sindikuchimvetsa. Pochotsera paja, mayankho otheka ndi 198, 297, 396, 495, 594, 693, 792 ndi 891 basi. Onsewa ali ndi 9 pakati, ndipo manambala awiri a m'mbali akaphatikizidwa amapanganso 9, kotero pophatikiza komaliza pamatuluka 900, 180 ndi 9, zimene zonse pamodzi ndi 1089.

Komabe sindilemba 1089 m'envelopu, chifukwa aliyense amene amakonda masamu angathe kukayesa kunyumba ndi nambala ina n'kuona kuti yankho silisintha. Nambalayo ndimaigwiritsa ntchito ngati chala cholozera m'buku, kutanthauza tsamba 108 ndi liwu lachisanu ndi chinayi. Apa m'pamene pali ntchito yaikulu yokonzekera. Ndimasaka buku la masamba opitirira 108, ndipo ndimakonda mabuku a kusukulu chifukwa amapezeka pafupifupi pakhomo lililonse ndipo palibe amene amawakayikira. Baibulo sindiligwiritsa ntchito, poti si buku lochitira masewero. Ndimatsegula tsamba 108 n'kuwerenga mawu kuyambira pa mzere woyamba wa nkhani, osawerengera mutu wa pamwamba. Ngati liwu lachisanu ndi chinayi ndi kaliwu ngati “ndi” kapena “pa”, bukulo ndimalisiya n'kufuna lina, chifukwa anthu sangadabwe ndi kaliwu kamene kali m'mzere uliwonse. Buku limene ndikugwiritsa ntchito masiku ano lili ndi liwu lakuti “mapira” pamalo amenewo, ndipo limandikomera chifukwa ndi chinthu chimene anthu kuno amalima ndi kudya, moti likamawerengedwa aliyense amachiona m'maganizo mwake.

Envelopu yokhayo imafuna chisamaliro chimene munthu wa kumalo ozizira sangachiganizire. Kuno ku Chigwa cha Shire, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo envelopu ikakhala m'thumba la malaya imanyowa ndi thukuta, guluu wake n'kuyamba kumatuka. Envelopu yomatuka pang'ono imawononga zonse, poti wina anganene kuti pepalalo ndinalilowetsa pambuyo. Choncho ndimaisunga pakati pa masamba a kope, ndimamata ndi selotepi pamwamba pa guluu, ndiponso ndimagula yakhaki osati yoyera. Dzuwa lathu ndi lowala kwambiri, ndipo mwana wochenjera akangokweza envelopu yoyera m'mwamba amatha kuwerenga zolembedwa m'kati. Pepala la ulosi ndimalilemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti lidzaoneke patali, kenako ndimalipinda kawiri zilembozo zili m'kati.

Ndisanapereke envelopu, pali mawu amene sindilephera kunena, ndipo ndimawaona kuti ndi ofunika kuposa masamu onse aja. Ndimauza anthu momveka bwino kuti zimene ati aone ndi sewero la luso limene munthu aliyense angaphunzire, ndipo mulibe mankhwala, mizimu kapena kuombeza. M'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, monga m'madera ena a dziko lino, mphekesera ya ufiti imayenda msanga ndipo yavulazitsa anthu osalakwa, makamaka okalamba. Lamulo la ufiti la 1911, limene ndi Witchcraft Act, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komanso limaletsa munthu kudzionetsa ngati ali ndi mphamvu za ufiti. Ngati pali agogo amene amamva bwino Chisena kuposa Chichewa, ndimapempha wina kuti awabwerezere mawuwo m'chilankhulo chawo. Ena amaganiza kuti kunena zimenezi kumachepetsa kudabwitsa kwa seweroli, koma ine ndaona kuti anthu akamasuka mumtima amatchera khutu kwambiri ndipo amaseka mosaopa.

Envelopu ndimaipereka kwa munthu wamkulu amene onse amamukhulupirira. Pa macheza ena amene tinachita pansi pa mtengo wa nimu, ndinapita kwa amalume, ndinanjuta n'kupereka ndi manja awiri, ndipo ndinati, “Amalume, ndikupempha kuti musaine dzina lanu pamene pamatidwapa, ndipo muisunge inuyo mpaka kumapeto. Ine sindiikhudzanso.” Iwo anasaina pang'onopang'ono, naiyang'ana mbali zonse, kenako anaiika pansi pa chipewa chimene anali nacho pa bondo n'kusanjika dzanja pamwamba. Kuyambira pamenepo ndinaima patali ndi iwo mwadala, kuti aliyense adzakumbukire kuti sindinayandikire.

Kenako ndimabweretsa mabuku atatu kuti zioneke ngati bukulo nalonso lasankhidwa ndi iwo. Ndimapempha munthu kuti aloze awiri. Ngati buku langa lili pa awiriwo, ndimachotsa lachitatu lija n'kumuuza kuti andipatse limodzi mwa awiri otsala. Akandipatsa langa ndimati tigwiritsa ntchito limeneli, akandipatsa linalo ndimaliika pambali n'kunena kuti limene latsala m'manja mwake ndilo lake. Ngati langa silili pa awiri amene waloza, ndimangochotsa awiriwo. Chovuta apa n'chakuti sindiyenera kunena pasadakhale ngati kulozako ndi kusunga kapena kutaya, komanso sindiyenera kudodoma ngakhale pang'ono, chifukwa kachetechete wamfupi ndi amene amaulula kuti ndikuganiza chochita. Gawo limeneli ndilo ndinaliyeserera nthawi yaitali ndili ndekha, ndikuyankhula mokweza mpaka mawu ake atazolowereka pakamwa.

Pa masamu ndimasankha munthu wina, kawirikawiri wophunzira wa kusekondale, ndipo ndimamulola kugwiritsa ntchito foni powerengera, poti munthu akakhala pagulu manyazi amamulakwitsa ngakhale pochotsera pophweka. Ndimatembenuka kumupatsa msana ndipo ndimapereka malangizo limodzilimodzi, osati onse nthawi imodzi. Lamulo lija la kusiyana kwa nambala yoyamba ndi yomaliza sindilinena ngati lamulo, koma ndimati, “Achemwali, musandiphweketsere, manambalawo akhale otalikirana ndithu.” Akamaliza kuchotsera ndimafunsa ngati yankho lili ndi manambala atatu. Akati awiri, ndiye kuti wapeza 99, ndipo ndimamuuza kuti aike ziro kutsogolo. 099 ndi 990 zimaperekanso 1089, kotero seweroli limapitirira popanda wina kuzindikira kuti panali vuto.

Akapeza yankho lomaliza, sindimufunsa kuti alinene mokweza. Ndimangonena kuti, ngati lili ndi manambala anayi, atatu oyamba akhale tsamba ndipo womaliza akhale liwu. Kunena kuti “ngati” kumathandiza, chifukwa kumasonyeza kuti sindikudziwa chimene wapeza. Amene wagwira buku amatsegula, ndipo ndimamupempha kuti awerenge mawu poloza ndi chala, mnzake akuyang'anira pambali, kuyambira pa mzere woyamba wa nkhani monga ndinawerengera ine pokonzekera.

Liwu likanenedwa, sindithamangira ku envelopu. Ndimayamba ndakumbutsa anthu zimene zachitika, kuti envelopu inaperekedwa tisanayambe, kuti buku analoza ndi mnzawo, kuti nambala inachokera m'mutu mwa munthu wina ine nditapereka msana. Kubwereza kumeneku n'kofunika chifukwa ndi zimene anthu amakafotokozera anzawo mawa lake, ndipo masamu a pakati aja ambiri amawaiwala. Tsiku la pansi pa nimu lija, amalume anachotsa chipewa, anaonetsa anthu siginecha yawo kuti ili bwinobwino, anang'amba envelopu cha m'mbali n'kufunyulula pepala. Anawerenga chamumtima kaye, kenako anakweza pepalalo kuti onse aone liwu lakuti “mapira”, ndipo amayi amene anakhala pa mkeka analuluta.

Pambuyo pake pamakhala pempho lakuti ndibwereze, ndipo ndimakana mwaulemu, chifukwa kachiwiri nambala idzatulukanso 1089 ndipo tsamba lidzakhala lomwelo. Ndimakonzeratu kasewero kena kakang'ono kosiyana kotheratu kuti ndisamutsireko chidwi chawo. Pepala la masamu ndimalitenga pamodzi ndi cholembera pamene anthu ali kalikiliki kuyang'ana envelopu, ndipo mabuku atatu aja ndimawasiya poyera kuti amene akufuna awapende, poti mulibe chobisika m'menemo. Ngati munthu wina wamkulu andiitanira pambali ndipo ndaona kuti nkhawa yamugwira zenizeni, ndimakhala naye pansi n'kumuonetsa masamuwo ndi manambala ake omwe, n'kumupempha kuti asauze ana amene sanaonerebe seweroli.