Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kaseti imene achimwene anafufuta

Ndakumvani abale anga. Chitumizireni chithunzi cha shelefu ya kuchipinda kwanga m'gawo lapita lija, funso lanu ndi limodzi: bambo wamkulu, wa ana atatu, akusungiranji timawailesi ta kaseti 14, tambiri tosalira n'komwe? Amene mwafunsa mwaulemu, zikomo. Inu amene munalemba kuti ndikapimitse mutu, zikomonso, koma mwachedwa. Alamu anga aja anayamba kalekale kunena zimenezo, ndipo iwo amanenera pamaso. Chandisangalatsa n'chakuti sindili ndekha. Wina akuti amasunga zitsekerero za mabotolo, wina mabokosi a machesi, mayi wina makiyi a nyumba zonse zimene anakhalamo. Mayi inu, tikanakumana tikanamvana.

Zina pa shelefupo zilibe nkhani yaitali. Wotchi ya Casio F-91W ndimaikonda chifukwa siivuta: chiyambire kupangidwa mu 1989 maonekedwe ake ndi omwewo, ndipo kabatire kake kamatha zaka ngati 7. Nokia 3310, foni yotuluka mu 2000, ndi ija ndinkalemberapo mauthenga mayi a kunyumba, nkhani imene munaseka nayo m'gawo 5. Koma za makaseti ndakhala ndikuzizemba kuyambira gawo loyamba.

Mukukumbuka kuti bambo anadwala nthawi yaitali ine ndili ku sukulu yogonera konko, ndipo amene ankachezera nawo usiku ndi achimwene. Chimene sindinakuuzeni ndi ichi. Nditabwera ku holide yomaliza iwo ali moyo, bambo anaitanitsa wailesi yathu ya kaseti, ija ya kamaikolofoni pakona, n'kunena kuti ali ndi mawu. Kaseti inali C90, mphindi 45 mbali iliyonse. Anaidzaza yonse, koma zinatenga masiku atatu chifukwa mpweya unkawathera. Anatchula mayina a makolo awo, za ubwana wawo, mmene anadziwirana ndi mayi, ngongole zimene anali nazo ndi zimene ena anali nazo kwa iwo. Atamaliza ndinalemba dzina lawo pa kapepala ka kasetiyo, kenako ndinathyola timano tiwiri tapamwamba.

Ana a masiku ano timanoti simutidziwa. Ukatithyola pamatsala timabowo, ndipo batani lojambulira limakana kulowa, ndiye zimene zili m'kasetimo sizingafufutike mwangozi. Koma aliyense ankadziwanso kochenjerera kwake: umangomata selotepi pabowopo, basi batani lalowa.

Bambo atamwalira ndinalephera kuimvera. Ndinkaitenga, kuiyang'ana, kuibwezera. Chaka chathunthu. Tsiku limene ndinalimba mtima ndinadikira kuti m'nyumba musakhale munthu, ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi pafupi ndi wailesi, n'kudina batani.

Munatuluka nyimbo.

Ndinati mwina ndasokoneza makaseti. Ndinaitulutsa. Dzina la bambo linali pomwepo, lolembedwa ndi dzanja langa. Pamwamba panali selotepi, yodulidwa bwino, yomatidwa mosamala mabowo onse awiri. Ndinaibwezera, ndinapititsa patsogolo: nyimbo. Patsogolo penanso: muulutsi akupereka moni kwa omvera. Ndinatembenuza mbali inayo manja akunjenjemera: nyimbo. Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangokhala pansi pomwepo mpaka kunja kunada, kaseti ili m'manja, ndikuyesa kukumbukira dzina la agogo awo a bambo, limene ndinali nditalimva kamodzi kokha. Mpaka lero silinabwere.

Madzulo ndinawafunsa achimwene. Anati sanaone dzina.

"Achimwene, nanga selotepiyi inadzimata yokha?"

Sanayankhe. Anangotuluka.

Ndinayendera amisiri angapo kuti mwina mawu akale amatsalira pansi ngati penti yakale pakhoma. Onse anandiuza chimodzi: pojambula, tepi imayamba yadutsa pa hedi yofufuta isanafike pa hedi yolemba (mahedi ndi tizipangizo timene timakhudza tepi m'kati mwa wailesi). Zakale zimatheratu. Kasetiyo ndinaiponya m'katoni.

Ndinamaliza sukulu, ndinagwira ntchito zija mukuzidziwa, ndinakwatira, ana anabadwa. Zaka 22 ine ndi achimwene tinkapatsana moni wa anthu ongodziwana nkhope. Ena munandidzudzula m'gawo 6 kuti ndinawaumira mtima pa ukwati wanga. Tsopano mwamva kumene zinachokera. Sindikunena kuti ndinachita bwino, koma inu mukanatani?

Zosonkhanitsa timawailesi zinayamba osadziwa. Ndikaona kena kakufuna kutayidwa, mtima unkakana. Ndinaphunzira kutitsegula. Matenda ake kawirikawiri ndi amodzi: lamba wa mpira amene amazungulitsa mawilo amafooka, ndipo akakhalitsa amasungunuka n'kukhala ngati phula, wakuda bii, womata zala. Umapukuta ndi thonje la sipiriti, ola lonse, kenako n'kuika lamba wina. Tepi imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi, ndipo lamba akangolobodoka pang'ono, woimba amamveka ngati waledzera. Matenda ena ndi mabatire oiwalika m'kati, amene amatuluka zoyera zija n'kudya mawaya. Alamu, inu amene mumati ndi zinyalala, dziwani kuti kampani ya Sony inasiya kupanga Walkman ya kaseti, kawailesi koyenda nako komvera m'makutu, ku Japan mu 2010. Kalikonse kamene mukufuna nditaye, palibe kobwera m'malo mwake.

Kabuluu kaja munati n'kokongola ndi Sony TPS-L2, Walkman yoyamba, imene inatuluka ku Japan mu Julayi 1979, patapita zaka 16 chitulutsireni kampani ya Philips kaseti. Ndinapatsidwa ndi mkulu wina amene ankasamuka, kali kakufa. Kali ndi mabowo awiri a mahedifoni kuti anthu awiri azimvera limodzi, komanso batani la olenji limene ukalidina nyimbo imatsika, kamaikolofoni n'kutseguka kuti ulankhule ndi mnzakoyo. Koma chimene ndinakakondera n'chakuti sikajambula. Kamangoimba. Sikangafufute kanthu.

Ukakonza makina otere suyesera kaseti yabwino, chifukwa akhoza kudya tepi. Umafuna yopanda ntchito. Ndinapisa m'katoni n'kutulutsa ija ya selotepi. Ndinati ikadyedwa idyedwe. Ndinaika mbali yachiwiri, mahedifoni m'makutu, ndikulongedza timasikuluwu. Ndinkafuna kuona ngati lamba watsopanoyo akoka mpaka kumapeto, ndiye kwa nthawi yoyamba ndinaisiya kuti ithe yokha.

Nyimbo yomaliza inadukira pakati. Kunamveka kuti khwa, kenako phokoso la m'chipinda. Kenako chifuwa. Chifuwa chimene ndingachizindikire pakati pa anthu chikwi.

"Kodi kakuzungulirabe aka?"

Ndipo mawu a mnyamata, pafupi kwambiri ndi maikolofoni: "Kakuzungulira bambo, pitirizani. Kapena muyambe mwamwa madzi?"

Anali achimwene. Ine ndinali nditaiwaliratu kuti tsiku lachitatu lija ndinatopa n'kutuluka, wailesi n'kuwasiyira iwo. Patsala mphindi imodzi ndi theka. Mulibe dzina la kholo, mulibe malangizo. Muli bambo akumwa madzi, akupuma movutika, akunena kuti kapu yadzadza kwambiri, achimwene akuseka pang'ono, ndipo tepi ikutha. Ndinabweza ndi cholembera, pang'onopang'ono, poopa kuti makina angaidule. Usiku umenewo mayi a kunyumba anandipeza nditakhala pansi ngati tsiku lija.

Panapita miyezi iwiri ndisanawaimbire achimwene. Atabwera sindinalongosole kanthu. Ndinalumikiza mahedifoni awiri, ena kuwapatsa iwo. Atamva chifuwa chija anatseka maso. Mawu awo aunyamata atamveka anagwira tebulo. Tepi itatha anakhala chete nthawi yaitali, mahedifoni ali m'makutu, kenako anati, "Iwe unkamva nkhani zawo. Ine ndinkamva kupuma kuja. Miyezi 8 ndinkakumva usiku uliwonse. Sindinkafuna kuti kukhalebe m'nyumba."

Ndinabwezanso tepi, tinayambiranso. Pakati pake ndinadina batani la olenji lija kuti ndiwauze kanthu. Mawu a bambo anatsika, kamaikolofoni kanatseguka, ndipo tonse tinkamva kupuma kwanga m'makutu. Ndinalisiya batanilo.

Selotepi ija ndinaimatula iwo akuona. Za mmene mayi anailandirira nkhaniyi, ndi zimene alongo anga ananena atamva kuti kaseti ilipo, tidzakambirana m'gawo 10.