Timiyala timene ena ankasiya ndito tatitsegulira shopu

Mwezi uno tatuluka m'galaja momwe tinkasuliramo, ndipo tsopano tili ndi shopu yathuyathu kuno ku Lilongwe. Ambiri mwa inu mukaona ndolo ndi mphete zathu pa Facebook mumafunsa chifukwa chake sizikhala za mwala umodzi waukulu pakati ngati za kwina. Yankho lake ndi mbiri yonse ya bizinesi yathuyi.

Ndinaphunzira kusula siliva ku Johannesburg, ndipo mphunzitsi wathu ankakonda kutionetsa zithunzi za akatswiri a ku France otchedwa ma Impressionist: Claude Monet, Berthe Morisot, Renoir, Pissarro ndi anzawo. Pamene anachita chionetsero chawo choyamba ku Paris mu 1874, anthu anawaseka kuti zithunzi zawo n'zosamaliza. Iwowa sankasalaza penti ayi. Ankapaka timizere tifupitifupi ta mitundu yosiyana moyandikana, n'kusiyira diso la woonera kuti lisakanize lokha. Ukayandikira umangoona mawangamawanga, koma ukasunthira m'mbuyo pang'ono, madzi a pachithunzipo amayamba kunyezimira.

Nditabwerera kuno kwathu ndinakacheza kwa amalume ku Mzimba, omwe amakumba aquamarine, mwala wamtengo wapatali wooneka ngati madzi. Ogula akuluakulu amangosankha miyala ikuluikulu yoyera mbee, ndipo ting'onoting'ono totumbuluka amatisiya kapena kutigula pa mtengo wachipongwe. Amalume anali atatidzaza m'mabotolo. Ine nditatithira pansalu yoyera ndinaona mitundu yonse ya madzi, kuyambira wotuwa mpaka wobiriwira, ndipo ndinadziwa kuti penti yanga ndaipeza.

Mkanda wathu woyamba unachokera pa chithunzi cha Monet cha mu 1872, cha dzuwa likutuluka padoko la Le Havre. Tinasanja timiyala ta aquamarine tosafanana mtundu, ndipo chapambali tinakhomapo kamwala kamodzi kofiira ka ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, komwe kumatuluka ruby ndi sapphire. Kamwala kameneko sikakulu, koma chifukwa kazunguliridwa ndi zotuwa, kamaoneka ngati kakuyaka. Ndolo zimene mumazikonda kwambiri zija zinachokera pa akakombo a padziwe la Monet ku Giverny, amene anawajambula mpaka imfa yake mu 1926. Pamenepo timasakaniza amethyst wa ku Mapatizya ku Zambia, tourmaline wobiriwira ndi garnet wa pinki. Ntchito yaikulu ndi kusanja. Kamwala kamodzi kakakhala pamalo olakwika, ndolo yonse imaoneka yakufa, ndiye timachita kusanja panja m'mawa, osati ndi magetsi.

Nthawi imene tinatsala pang'ono kutseka ndi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Siliva timachita kuitanitsa kunja, ndipo tinali titalandira kale ndalama za maoda a maukwati a Disembala pa mitengo yakale. Tinapita kukapempha ngongole, koma obwereketsa ndalama anatiuza kuti miyala si chikole, tibwere ndi mapepala a nyumba. Nthawi yomweyo bambo wina amene ankatibweretsera miyala anatigulitsa magalasi opaka utoto, n'kuzimitsa foni. Ngati akuwerenga, adziwe kuti magalasi aja tinawasunga, ndipo ndi amene timaphunzitsira ana athu a ntchito kuzindikira chinyengo. Tinagulitsa galimoto, n'kupereka mphete iliyonse pa mtengo umene tinagwirizana. Palibe mkwatibwi amene anakalowa m'tchalitchi chala chili chabe. Ndalama yotsala tinagulira makina oyezera miyala, ndipo kuyambira pamenepo palibe mwala umalowa m'siliva mwathu usanayezedwe.

Amalume ndi anzanu okumba ku Mzimba, zikomo chifukwa chotisungira timiyala ngakhale nthawi imene tinkalipira pang'onopang'ono. Amuna anga, munalolera kuyenda pa minibasi osadandaula, Mulungu akudalitseni. Amayi anga amene munkatilerera ana tikamagwira ntchito usiku, amayi a kubanki m'khonde amene munatikhulupirira pamene ena anakana, atsikana awiri amene mumasanja miyala ndi mnyamata wathu wopukuta, shopu ino ndi yanunso. Abale a ku Joni ndi ku UK amene mumatumiza maoda musanaone n'komwe katundu, komanso inu amene munabweranso kachiwiri ndi anzanu, sitikudziwa kuti tikuthokozeni bwanji.

Zonse timasula ndi siliva wa 925 (kutanthauza kuti magawo 925 pa 1,000 alionse ndi siliva weniweni), ndipo golide timagwiritsa ntchito mukaitanitsa. Chilichonse chimabwera ndi kapepala konena mtundu wa mwala ndi komwe unachokera. Palibe ziwiri zofanana, chifukwa miyala yake sibwereza mtundu. Mukhoza kubwera ndi chithunzi chimene mumachikonda, kaya cha Morisot, kaya cha dzuwa likutuluka panyanja ku Senga Bay, tidzasankhire limodzi miyala yake. A chinkhoswe ndi ukwati, chonde perekani oda kudakali miyezi iwiri, poti kusanja ndi kukhoma timiyala kumatenga nthawi. Kulipira pang'onopang'ono timalola.