Anapitako ndani kukaona?

Sindikanalemba kanthu lero pakanapanda funso la mtsikana wina wa Folomu 4, limene landikhala pamtima kuyambira m'mawa. Tinali pa phunziro la maatomu amene phata lawo silikhazikika, ndipo ndinapereka chitsanzo cha yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga kuti ana aone kuti nkhaniyi si ya kunja kokha. Ndinafotokoza kuti mtundu wake wochuluka, wa nambala 238, umatha theka pa zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, zomwenso ndi zaka za dziko lathuli. Mtsikanayo anakweza mkono. "Aphunzitsi, ngati akungotha, nanga poyamba anachokera kuti?" Ndinayankha mofulumira kuti anapangika m'nyenyezi. Iye anandiyang'ana mwaulemu ndithu, koma osakhutira. "Anapitako ndani kukaona?" Anzake anaseka, belu linalira, ine n'kutuluka choko chili m'manja ngati munthu wothawa ngongole.

Ndakhala ndikumuyankha chamumtima tsiku lonse, ngakhale mu minibasi ya ku Area 25 momwe kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti ndilipire.

Palibe anapitako, zimenezo n'zoona. Koma mu 1952 Paul Merrill anapeza zizindikiro za chitsulo chotchedwa technetium m'kuwala kwa nyenyezi zina zokalamba, pamene chinthu chimenechi chilibe mtundu ndi umodzi womwe wokhazikika, ndipo wokhalitsa kwambiri umatha theka pa zaka pafupifupi 4 miliyoni, nthawi yochepa kwa nyenyezi ya zaka mabiliyoni. Ukalowa m'nyumba n'kupeza nsima ikufuka nthunzi, sufunika kuona wophika kuti udziwe kuti moto unali pomwepo. Chitsanzo chimenechi chandibwerera madzulo, mwana atapita kale kwawo, ndipo n'chimene chikundipweteka.

Mu 1957 Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle analongosola ndondomeko ya momwe maatomu amapangikira m'nyenyezi. Nyenyezi imaphatikiza maatomu opepuka kukhala olemera mpaka kufika pa ayironi, ndipo pamenepo njirayo imatha. Golide ndi yureniyamu amafuna njira ina, yoti phata la atomu limeze manyutuloni (tinthu tina topezeka m'phata limodzi ndi mapulotoni) ambiri motsatizana lisanapeze mpata wosweka. Maatomu obadwa pakati pa ulendowu ambiri sakwanitsa ngakhale sekondi imodzi, koma kulemera kwawo ndi kutalika kwa moyo wawo ndi zimene zimalamula kuchuluka kwa golide amene atsale pomaliza. Padziko pano sungawakumbe paliponse chifukwa anatha kalekale, choncho wofuna kuwayeza ayenera kuwapanga yekha.

Apa ndi pamene ndikanafuna mtsikana uja amve. Ku Michigan State University ku America anatsegula mu 2022 malo otchedwa FRIB, kumene amathamangitsa maatomu olemera pafupifupi theka la liwiro la kuwala n'kuwaombetsa pa graphite, chija chokhala m'kati mwa pensulo. Zidutswa zake amazisankha ndi maginito akuluakulu, monga mayi apeta mphale kuchotsa gaga, n'kuyeza zimene akuzifuna zisanafe. Ntchito yofananayo ikuchitika ku malo ena ofufuzira sayansi, CERN kufupi ndi Geneva komanso RIKEN ku Japan. Nickel wa nambala 78, wa mapulotoni 28 ndi manyutuloni 50, amatha theka m'kuphethira kwa diso, komabe anamugwira n'kumuyeza. Mitundu yokhazikika ya maatomu ilipo pafupifupi 250 yokha, pamene yonse pamodzi, kuphatikiza yosakhazikika, yoposa 3,000 yaonedwa kale. Chimene chandiseketsa ndekha m'minibasi muja n'chakuti chimodzi mwa zinthu zimene amaphwanya kumeneko ndi yureniyamu yemweyo, pofuna kudziwa kumene yureniyamu anachokera.

Pa 17 August 2017 akatswiri anaona nyenyezi ziwiri za manyutuloni, zotsalira za nyenyezi zazikulu zimene zinaphulika, zikuombana, kutali kwambiri moti kuwala kwake kunayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni kuti kufike kuno, ndipo mu 2019 anatsimikiza kuti m'kuwalako munali zizindikiro za strontium, chimodzi mwa zinthu zolemera kuposa ayironi zimene zimapangika pomeza manyutuloni. Zoona kumwamba ndi zoyeza pansi zimayenera kugwirizana. Zikasiyana, ndiye kuti penapake masamu aphonya.

Magetsi azima ndili pakati polemba, ndipo ndatuluka panja kukakhala pakhonde. Mayi a kunyumba andifunsa kuti, "Bambo, mukuyang'ananji kumwambako ngati mwataya kanthu?" Sindinawayankhe bwino, monganso sindinamuyankhe bwino mwana uja. Chikundivuta si sayansi yake ayi, koma kuti ndinamupatsa yankho la mawu awiri loti angolimeza, chimodzimodzi momwe ife tinkaphunzitsidwira, ndipo pamene anzake amamuseka ine sindinawaletse.

Mawa ndili nawo mphindi 40 zokha, mayeso a MSCE ali pafupi, ndipo silabasi sitinaimalize. Mwina ndiyambe ndi nsima ija, ndione ngati akwezenso mkono.