Zimene tinaphunzira ku Sarima pa kasankhidwe ka malo opangira magetsi amphepo

Gulu lathu linakaona makina a Lake Turkana Wind Power ku Sarima, m'chigawo cha Marsabit kumpoto kwa Kenya. Pali makina 365 a mtundu wa V52 a kampani ya Vestas, alionse a makilowati 850, onse pamodzi mamegawati 310. Malowa anasankhidwa chifukwa mphepo imapanikizika pakati pa mapiri a Kulal ndi Nyiru, n'kumaomba kuchokera mbali imodzi pa liwiro la mamita pafupifupi 11 pa sekondi.

Tinakhalitsa pa nkhani ya kuyeza. Malo sasankhidwa pongomva kuti kuno kumaomba. Amaimika mlongoti wa mamita 60 mpaka 80, n'kumangirira zoyezera liwiro pa misinkhu iwiri kapena itatu, ndi choonetsa kochokera mphepo pamwamba. Zoyezerazo zimakhala pa mikono yachitsulo yotalikirako, chifukwa mlongoti ukazitchinga zimawerenga mopereweza. Kuyeza kusachepere miyezi 12. Kwathu kuno woyeza m'nyengo ya mwera yokha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, adzadzinamiza, chifukwa dzinja likafika mapiko adzangoti zii. Kulakwitsa pang'ono kumadula: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 8. Malo a mamita 7 pa sekondi amaposa a mamita 6 ndi mphamvu yoposa theka.

Pamwamba pa chitunda chosalala ndi pabwino, koma m'mphepete mwa phompho ndi kuseri kwa mitengo mphepo imavunduka n'kumatopetsa mapiko ndi magiya. Makina otsatana motsata mphepo atalikirane maulendo 5 mpaka 10 a kutambalala kwa mapiko, apo ayi akutsogolo amalanda mphepo ya am'mbuyo.

Chimene ambiri tinkachiderera ndi msewu ndi nthambo. Zipangizo zinachokera ku doko la Mombasa, ndipo msewu wa makilomita oposa 200 kuchokera ku tauni ya Laisamis kukafika ku Sarima unayamba wakonzedwa kaye. Kuvuta kwa mtengatenga n'chifukwa china chimene anasankhira makina aang'ono, a mapiko otambalala mamita 52. Makina anatha kuimikidwa mu 2017, koma anangokhala mpaka mu 2018 kudikira nthambo za makilomita oposa 400 zopita ku Suswa, kumene magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse.

Nkhani ya mwini nthaka nayonso si yothamangira. Kumeneku ndi kodyetsera ziweto kwa anthu a m'deralo, ndipo mu 2021 khoti la ku Meru linagamula kuti zikalata za malowo zinaperekedwa mosatsata ndondomeko.