Maliro a ku Utøya ndi funso loti mwana wa dziko ndani

Lachisanu pa 22 July 2011, bomba linaphulika pafupi ndi maofesi a boma mumzinda wa Oslo ku Norway ndipo linapha anthu 8. Madzulo a tsiku lomwelo, munthu yemwe anatchera bombalo, Anders Behring Breivik, atavala ngati wapolisi, anawolokera pa chilumba cha Utøya m'nyanja ya Tyrifjorden, pomwe achinyamata oposa 500 a chipani cha Labour anali pa msonkhano wawo wa chaka ndi chaka. Anawombera kwa nthawi yoposa ola limodzi, ndipo pachilumbapo panafa anthu 69, ambiri mwa iwo osakwana zaka 20. Wamng'ono kwambiri anali ndi zaka 14.

Nkhaniyi ndaitsatira kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimandigwira mtima si nkhanza za wakuphayo ayi, koma mmene dziko la anthu pafupifupi 5 miliyoni linakhalira pa siwa limodzi. Ana aja anachokera m'zigawo zonse za dzikolo, kotero kuti mabokosi anabalalika kumka kumpoto ndi kummwera, m'matauni ndi m'midzi ya asodzi. Pa 25 July, anthu oposa 100,000 anadzaza misewu ya Oslo atanyamula maluwa a rozi m'manja. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Jens Stoltenberg, inauza anthu kuti yankho la dzikolo likhala kuwonjezera demokalase ndi kumasukirana, osati kubwezera. Ife amene tinakula tikudziwa kuti masamba akaikidwa pamsewu ndiye kuti wodutsa aliyense atsike panjinga, sitingadabwe ndi khamu lotere, chifukwa maliro a mwana sasankha mwini.

Komabe pali maola angapo a tsiku lija amene sayenera kuiwalika. Wakuphayo asanadziwike, anthu ambiri anali atagamula kale m'mitima mwawo kuti ndi Asilamu achita zimenezi, ndipo ena mwa nzika zochokera kunja ananyozedwa m'misewu ya Oslo. Kenako zinadziwika kuti ndi mwana wa m'mudzi momwemo, mzungu wobadwira mu Oslo, amene anapha anawo chifukwa chokhulupirira kuti chipani chawo chinatsegulira Asilamu khomo la dziko. Tsono chisoni cha dziko lonse chinayamba ndi manyazi, ngakhale kuti pa masiku a maluwa aja si ambiri amene anafuna kuwatchula.

Yankho lomveka bwino, m'kuona kwanga, linaperekedwa kumanda. Mmodzi mwa oyamba kuikidwa m'manda, pa 29 July ku Nesodden, anali mtsikana wa zaka 18 wa mtundu wa Akurdi, amene banja lake linathawa ku Iraq iye ali wamng'ono. Mwambo wake anautsogolera pamodzi m'busa wa mpingo wa Chikhristu ndi imamu, ndipo chithunzi cha awiriwa akuyenda limodzi patsogolo pa bokosi chinafalikira dziko lonse. Mwana amene Breivik ankati ndi mlendo anagonekedwa m'nthaka ya Norway ngati mwini nthakayo, ndipo dziko linamulira monga mwana wake.

Bwalo la milandu linachita zake mu 2012: linapeza kuti Breivik anali wabwinobwino m'mutu ndipo linamulamula kukhala m'ndende zaka 21, chilango chimene chingathe kuwonjezeredwa malinga ngati akuonedwabe kuti ndi woopsa. Chaka chomwecho, komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Alexandra Bech Gjørv inanena poyera kuti bomba lija likanatha kupewedwa ndiponso kuti apolisi akanatha kufika pachilumba msanga.

Chovuta chinali chimene chinatsatira maluwa atafota. Pofuna kusunga umodzi, atsogoleri ankalankhula za chiwembuchi ngati choukira dziko lonse, zomwe n'zoona, koma potero anazemba kunena kuti anawo anaphedwa chifukwa cha maganizo awo a ndale. Opulumuka ambiri anakhala chete poopa kunenedwa kuti akudyera pa maliro a anzawo, pamene ena mwa iwo ankalandira mauthenga owatukwana ndi owaopseza. Ngakhale chikumbutso chinabweretsa mkangano. Ganizo la mmisiri wa zaluso Jonas Dahlberg lodula thanthwe la kumtunda moyang'anizana ndi chilumbacho linathetsedwa mu 2017 anthu okhala m'derali atalikana, ndipo ena mwa okanawo anali omwe aja amene anatenga mabwato awo n'kukavuula ana m'madzi zipolopolo zikulira. Sindingawaweruze, iwo ankati sangathe kudzuka m'mawa uliwonse n'kumayang'ana chilonda chimenecho pakhomo pawo. Chikumbutso cha zipilala 77, chimodzi pa munthu aliyense wophedwa tsiku lija, chinatsegulidwa pa doko la Utøyakaia mu 2022, patatha zaka 11.

Zisanafike pamenepo, mu August 2019, mnyamata wina wotengera maganizo a Breivik anapha mlongo wake wopeza amene anatengedwa ku China ali wamng'ono, kenako n'kukawombera mu mzikiti wa Al-Noor ku Bærum, komwe anagwidwa ndi bambo wachikulire wopemphera pamenepo. Pofika pa mwambo wokumbukira zaka 10 mu 2021, mtsogoleri wa achinyamata a Labour, Astrid Hoem, yemwenso anapulumuka ku Utøya, ananena pamaso pa dziko kuti chidani chija sichinathe. Achinyamatawo anabwerera pachilumbacho mu 2015, ndipo nyumba yodyeramo momwe anzawo 13 anafera anaisunga m'kati mwa nyumba yatsopano yophunziriramo, mabowo a zipolopolo akuonekabe m'makoma.