Tiyi anazizira tikukambirana za chambo

Ndangobwera kumene kuchokera ku gulu lathu la Loweruka, ku tiyirumu ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo mutu wanga ukadali komweko. Funso la lero linali lakuti: msodzi akakoka khoka nthawi imene nyanja yatsekedwa, chifukwa ana ake agona ndi njala, walakwa?

Aphunzitsi ena anati lamulo ndi lamulo, chambo chikatha tonse tilira. Agogo ena, omwe anakalambira pa bwato ku Malombe, anangokhala chete akufungatira kapu m'manja mwawo mokhakhala ndi zingwe. Kenako anatifunsa mwakachetechete ngati mdzukulu wosabadwa ali ndi gawo lake m'nyanjamo. Tonse tinati zii. Mandasi anatsala m'mbale.

Anzanga, chimene chandikhudza n'chakuti palibe amene anafuna kupambana mnzake. Ku Paris, katswiri wa filosofi dzina lake Marc Sautet anayambitsa zokambirana zotere mu 1992 pa malo omwera khofi otchedwa Café des Phares, koma ife tinazolowera kale kutafuna nkhani pabwalo. Sabata yamawa tikufunsana ngati umunthu umaphunzitsidwa kapena munthu amabadwa nawo. Agogo aja ati abweranso.